Mabala athu ndi a eni dziko kuno ku Joni: n'chifukwa chiyani sakufanana?

Anachisale_Cosmo
Abale, moni nonse. Chaka chino gulu lathu lasonkhera ovulala kangapo, ndipo mukabwerera m'mauthenga a a Admin mupeza nkhani zake n'zofanana: wagwa padenga, grinder yamudula chala, wagundidwa panjinga yamoto pamaloboti, mkhukhu wamupsera. Koma anzanga a Chizulu ndi Chisuthu amene ndimagwira nawo ntchito akamakamba za abale awo ovulala, kumakhala kubayidwa ku shabini, mfuti, kapena galimoto yogubuduzika Loweruka usiku. Kodi ndi maso anga okha, kapena zoonadi ife obwera timavulala mosiyana ndi eni nthaka? Ena akuti Amalawife ndife ofatsa n'chifukwa chake sitibayana, ena akuti ndife osasamala pantchito. Tandithandizeni.

MzimbaBoy
Ofatsa ndani? Bwerani ku Diepsloot Lamlungu madzulo mudzaone Amalawi akuswana mitu ndi mabotolo chifukwa cha ngongole ya R50.

Gadeniboyi_Fourways
Yankho n'losavuta mayi. Mwini dziko sakwera mumtengo wa jakaranda ndi chikwanje pa R200 patsiku. Ife timakwera. Wogwa ndi wokwerayo.

Namwino_wa_Usiku
Ine ndine namwino, ndimagwira kumalo olandirira ovulala pachipatala china cha boma, dzina lake tilisiye. Zomwe mwaonazi achemwali nanenso ndimaziona, koma tizifotokoze bwino tisasokoneze.

Lachisanu ndi Loweruka usiku, makamaka mwezi ukatha, mabenchi amadzaza ndi obayidwa, owomberedwa, ndi ogundidwa akudumpha msewu ataledzera. Ambiri amakhala eni dziko, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti iwowo ndiwo ochuluka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni m'dziko la anthu 62 miliyoni, Amalawi tinawerengedwa pafupifupi 200,000. Mkati mwa sabata masana ndi pamene ndimamva kwambiri Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chishona ndi Chishangani. Amenewo amabwera ndi dzanja lophwanyika, chidendene chosweka atagwa pamakwerero, kachitsulo m'diso, mapazi opsa ndi simenti yaiwisi.

Chimene chimandiwawa ine ndi kuchedwa. Mwini dziko akadzicheka amafika magazi akadatuluka. Wathu amafika bala litayamba kununkha, atamanga kansalu, atathira mchere, ena mpaka mafuta a mabuleki. Chala chimene chikanasokedwa tsiku lomwelo chimathera kudulidwa. Fupa lomwe likanangofuna chikhakha timalipeza litagwirana mokhota, kuti liwongoke mpaka opaleshoni. Ukafunsa, mayankho ndi awiri okha: ndimaopa kufunsidwa mapepala, kapena bwana anati ndikajomba andichotsa. Ndiye ngozi imodzimodzi, koma wina atuluka ndi chipsera, wina atuluka wolumala.

WaKuNtcheu_Wits
Anamwino mwalongosola bwino, koma ndiwonjezere. Amene mumawaona ndi amene afika pakhomo panu. Wathu akathyoka msana, abale amasonkha n'kumukweza basi pa Park Station, ulendo wa ku Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza. Akakamwalirira ku Mangochi kapena ku Mzimba, buku lililonse la kuno silimudziwa. Chinanso, obwera kuno ambiri ndi anyamata ndi abambo a msinkhu wogwira ntchito, pomwe mwa eni dziko muli makanda ndi agogo. Kufanizira magulu awiriwa chisawawa n'kudzinamiza. Tengani Mmalawi womanga nyumba ndi Mpedi womanga nyumba pamalo amodzi, malipiro amodzi, onse opanda nsapato zachitsulo, muone ngati mabala awo angasiyane.

Gadeniboyi_Fourways
Asiyana aphunzitsi. Mpediyo folomani akamuuza kuti kwera popanda chingwe, amakana, amatchula yuniyoni ndi CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Ine ndikakana, mawa pagetipo paima anzanga khumi a ku Machinga.

WaKuNtcheu_Wits
Ndiye mwavomereza kuti si magazi, ndi mphamvu yokana.

Gadeniboyi_Fourways
Ndinanena liti za magazi ine?

Mtchona_wa_Theba
Ana anga, nkhaniyi ndi yakale kuposa nonsenu. Ine ndinabwera pa Theba, ndinalowa mumgodi wa golide, ndinachona konkuno. Ndilankhule pang'ono.

Azungu a migodi ankakhulupirira kuti mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake yobadwa nayo. Asuthu ankati ndiwo okumba shafiti. Ampondo ndi Axhosa ankawapatsa makina oboolera mwala. Ashangani ambiri anali akapitawo. Tsono taganizani. Wa makina uja tsiku lonse ali kumaso kwa mwala, makutu amagontha, fumbi limadzaza m'chifuwa, mwala ukagumuka umayambira iye. Wokankha ngolo amaphwanyika zala ndi mapazi. Dokotala wa pamgodi akawerenga buku lake amati mtundu uwu ndi wogontha, mtundu uwu ndi wosasamala. Chonsecho anawagawira ntchitozo ndi iwo omwe.

Makolo athu a ku Nyasaland ankawatcha a kumadera otentha. Ankafa ndi chibayo kwambiri moti mu 1913 boma la kuno linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwathuko, mpaka m'zaka za m'ma 1930. Ankati matupi athu ndi ofooka. Munthu wayenda masabata, wafika wowonda, ukumuponya m'kompaundi yodzaza m'nyengo yachisanu ya June ya kuno, akugona pa simenti, n'kumati thupi lake ndi lofooka?

Ndipo ngozi yaikulu kwambiri ya Amalawi a Wenela (dzina lakale la Theba) sinachitikire pansi panthaka ayi. Inali ndege ija inagwa ku Francistown mu Epulo 1974, anthu athu oposa 70 akubwerera kwawo. Kamuzu anakwiya n'kuimitsa Wenela, nthawiyo Amalawi m'migodi anali oposa 100,000. Anadzatsegulanso mu 1977, kenako zinathera pa mkangano woyeza magazi cha m'ma 1988. Kuyambira pamenepo aliyense amabwera payekha, wopanda kontilakiti, wopanda dzina m'buku la kampani. Ife tinkavulala koma nambala tinali nayo. Inu mukuvulala opanda nambala.

Anachisale_Cosmo
Agogo zikomo. Atate anga analinso a Theba, anatsokomola mpaka kumwalira, ife tinkangoti ndi TB.

Mlangizi_Germiston
Achemwali, fufuzani za Tshiamiso Trust. Inakhazikitsidwa makampani a golide asanu ndi limodzi atagwirizana kulipira R5 biliyoni kwa amene anadwala matenda a fumbi ndi TB ya kumgodi, ogwira ntchito kuyambira 1965 mpaka 2019. Amasiye nawonso angathe kupempha. Sungani kapepala kalikonse ka Theba kamene kanatsala m'sutukesi mwa malemu, makamaka kokhala ndi nambala yawo. Ndipo musalipire munthu aliyense wonena kuti akuthamangitsirani, kulembetsa n'kwaulere.

Che_Mayfair
Nonse mukukamba za makwerero ngati kuti ife mfuti sitiidziwa. Anyamata ambiri a kwathu ku Mangochi tili m'mashopu, ku Fordsburg, Mayfair, Lenasia, ena m'maspaza m'malokeshoni. Asomali, Aethiopia ndi a ku Bangladesh bala lawo ndi chipolopolo, chifukwa mbava zimadziwa kuti m'shopu muli ndalama zapamanja ndipo mwini wake sathamangira kupolisi. Tsono amene amatsegula chitseko m'mawa ndi kugona pamatumba a ufa usiku ndani? Ndi Mmalawi wothandizira. Mphwanga anamenyedwa ndi chitsulo m'mutu akukoka geti la shopu, mpaka lero khutu limodzi silimva.

Ndipo muone bwino mmene ntchito zimagawikira. Wakufikitsa kuno ndi amene amakupezera ntchito. Wa ku Nkhata Bay amakulowetsa m'khitchini kapena m'nyumba ya azungu, wa ku Mzimba ku gadeni ndi zomangamanga, ife a ku mzikiti m'mashopu a amwenye. Bala lako limasankhidwa tsiku lomwe mlamu wako wakulandira pa siteshoni.

MzimbaBoy
Che, mwayamba kugawa mitundu ngati mzungu wa pamgodi uja.

Che_Mayfair
Sindikugawa ine amwene, ndikunena zomwe zilipo. Pitani ku Oriental Plaza mukamve chilankhulo chomwe onyamula katundu akulankhula.

NyasaFire
Mukuzungulira dala. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti ife amatimenya chifukwa ndife alendo. Ziwawa za 2008 mwaiwala? 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu. Emmanuel Sithole wa ku Mozambique anabayidwa ku Alexandra m'mawa kutacha anthu akuonerera. Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe anaotchedwa ku Diepsloot mu 2022 atafunsidwa chitupa. Zimenezo mwini dziko zimamuchitikira?

MaiThabo_Soweto
Achimwene, palibe amene waiwala. Koma mu Meyi 2008 mwa anthu 62 amene anaphedwa, 21 anali a konkuno, ena chifukwa cha khungu lakuda kwambiri kapena kulankhula Chitsonga. Ine ndinakwatiwa kuno, ndimakhala pakati pawo. Mu 2023 mokha dziko lino linataya anthu pafupifupi 27,000 ophedwa, ndipo ambiri ndi anyamata awo omwe, ophana okhaokha pafupi ndi kwawo. Maliro a mumsewu mwathu muno ndi a ana a anthu oyandikana nafe. Tisamalankhule ngati iwo ali pa mtendere.

NyasaFire
Iwo amaphana ataledzera. Ife amatisaka khomo ndi khomo. Si zofanana mayi.

MaiThabo_Soweto
Sindinati n'zofanana. Ndati mayi wa mwanayo amaliranso.

Namwino_wa_Usiku
Pa za mowa ndiikepo mawu, chifukwa tinaziona ndi maso. Boma litaletsa mowa nthawi ya Covid mu 2020, ovulala anachepa kwambiri, atatsegula anabwereranso. Pa 1 Januwale 2021 nyuzipepala zonse zinaonetsa zithunzi za malo a ovulala kwambiri a ku Bara, chipatala chachikulu cha Baragwanath ku Soweto, ali opanda wodwala, koyamba m'mbiri ya chipatalacho. Anthu anali omwewo, mitundu yomweyo, chomwe chinachotsedwa ndi botolo ndi kuyenda usiku. Ndipo a NyasaFire, m'botolomo ifenso tilimo. A MzimbaBoy sananame.

KabazaWaSandton
Ife a njinga zamoto mwatiiwala, chonsecho mabedi a othyoka miyendo tadzaza ndife. Yang'anani pamaloboti a Rivonia Road kapena pa Winnie Mandela Drive, okwera njinga zoperekera zakudya pafupifupi onse ndi obwera: Amalawi, a ku Zimbabwe, Congo, Uganda, Burundi. Malipiro ndi a pa oda iliyonse. Njinga ndi yobwereka, mwini wake amafuna yake sabata iliyonse kaya wagwira kaya sunagwire. Mvula ikagwa maoda amachuluka chifukwa anthu safuna kutuluka, ndiye nthawi yomwe msewu ukuterera ndi imene tonse tili pamsewu. Onjezani maenje, maloboti akufa ndi matekisi oima paliponse. Bala lathu ndi limodzi: mwendo pansi pa bondo, phewa, ndi mutu ngati helemeti ndi ija yotchipa.

Anachisale_Cosmo
Ndiye kabaza wathawa ku Lilongwe wamupezanso ku Sandton.

KabazaWaSandton
Kusiyana kwake kuno amalipira m'marandi achemwali.

DadaWaKuBay
Pepani ndisokoneze. Alipo akupita kumudzi sabata ino anditengereko kaphukusi? Ndipo wobwerayo abweretse ufa woyera, Iwisa wanditopetsa.

MzimbaBoy
Inu a ku Bay mukufuna kondowole, musanamizire ufa woyera.

DadaWaKuBay
Kondowole ndi batala, wadya wakhuta mpaka mawa. Inu a ku Mzimba mungadziwe chiyani za nsomba?

Che_Mayfair
Usipa wouma ulipo kwa mayi wina kuno ku Mayfair, koma mtengo wake ungagule nkhuku.

Admin_Gulu
Abale, za maphukusi ndi usipa zili ndi tsiku lake. Tibwerere ku nkhani.

Mlangizi_Germiston
Ndiyankhe za malamulo, chifukwa mantha amene anamwino atchula theka lake ndi kusadziwa.

Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Silinena kuti nzika, limati aliyense. Bilu ikhoza kubwera pambuyo, koma magazi ayambe aletsedwa. Mu Epulo 2023 khothi lalikulu la ku Johannesburg linagamulanso kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere posayang'ana dziko lawo. Za a Operation Dudula, gulu lothamangitsa obwera, oima pamageti a zipatala, khothi lomwelo mu Novembala 2025 linanena kuti munthu wamba alibe mphamvu yofunsa mnzake chitupa, ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha.

Wovulala pantchito amatetezedwa ndi lamulo la COIDA la 1993. Bwana ayenera kupereka lipoti la ngozi pasanathe masiku 7, fomu yake ndi W.Cl.2, dokotala amalemba W.Cl.4. Ngati sungathe kugwira ntchito, miyezi itatu yoyamba bwana akulipire 75 peresenti ya malipiro ako, iye akabwezeredwa ndi thumba la chipepeso. Ngakhale bwanayo sanalembetse, mlandu ndi wake, osati wako. Ndipo mu 2008 khothi la zantchito, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, linati munthu amene pemiti yake yatha akadali wantchito pamaso pa lamulo.

Cholakwika chachikulu chomwe anthu athu amachita ndi ichi: bwana amakutengera kuchipatala, panjira n'kukuuza kuti ukanene kuti wagwa kunyumba. Ukanena choncho, zalembedwa, ndipo chipepeso chathera pomwepo. Nena zoona, tchula malo, jambula pamene wagwera, sunga mauthenga a WhatsApp amene bwana anakuitanira kuntchito.

Gadeniboyi_Fourways
Zapapepala n'zokoma bambo. Ine ndili ndi mabwana anayi, aliyense tsiku lake, onse amalipira pamanja. Ndikagwa Lachitatu, amene ndimamugwirira Lachitatuyo angoti sakundidziwa. Ndipo kupita ku ofesi ya boma ya Labour ndi pasipoti ya masiku 30 yomwe inatha kalekale, si kudzipereka ndekha ku Lindela, kosungira obwera asanawabweze kwawo?

Mlangizi_Germiston
Sindikunamizani kuti n'zophweka, ndipo mafayilo a anthu opanda mapepala amachedwa kwambiri. N'chifukwa chake musapite nokha. Yambani mwapita ku Casual Workers Advice Office kuno ku Germiston, ku Wits Law Clinic kapena kwa Lawyers for Human Rights. Sakumangitsani amenewo.

KabazaWaSandton
Nanga ife amene amati si antchito, ndife odziimira patokha?

Mlangizi_Germiston
Inu khomo lanu ndi Road Accident Fund, ija imadya kandalama pa lita iliyonse ya mafuta, ndiye nanunso mumasonkhako. Imalipira ngati woyendetsa wina ndiye analakwa, kaya mbali ina ya kulakwako. Ukagwa wekha m'dzenje sikukhudzidwa. Nthawi yake ndi zaka 3 ngati wokugundayo akudziwika, zaka 2 ngati anathawa. Mu 2022 anaika lamulo loti mlendo aonetse kuti anali m'dziko movomerezeka, koma khothi lalikulu la ku Pretoria linalikana mu 2024. Chofunika pamalo angozi ndi nambala ya galimoto, mboni ndi nambala ya mlandu ya kupolisi.

AnaphiriWaKhitchini
Amuna mwalankhula zokwanira. Ife akazi ogwira m'nyumba mabala athu saoneka, n'chifukwa chake palibe amene amawasonkhera. Msana wonyamula nkhalamba kuichotsa pabedi kupita kubafa. Manja osupuka ndi Jik ndi mankhwala otsukira uvuni, opanda magolovesi. Agalu. Kugwa pampando ukupukuta mawindo. Pamenepa ife ndi akazi a Chizulu kapena Chitswana tili chimodzimodzi, kungoti ife ambiri timagona komweko, ndiye ntchito ilibe ola lowerukira. Ndipo amene anatitsegulira njira ndi mayi wa konkuno. Maria Mahlangu anamira m'dziwe losambira la abwana ake ku Pretoria mu 2012, mwana wake anamenya nkhondo mpaka khothi lalikulu la malamulo linagamula mu Novembala 2020 kuti antchito a m'nyumba nawonso alowe mu COIDA.

Koma pali bala lina lomwe gulu lino silikonda kumva. Akazi athu ambiri amene amafika kuchipatala ndi diso lotupa sanamenyedwe ndi Mzulu. Anamenyedwa ndi mwamuna yemwe anawaitanitsa kuchokera kumudzi, ndipo sanganene chifukwa pasipoti ili m'thumba mwa mwamunayo.

NyasaFire
Mayi, izi n'za m'banja, sizikugwirizana ndi mutu.

AnaphiriWaKhitchini
Nthiti yothyoka ndi nthiti yothyoka achimwene. Kapena imawerengedwa pokhapokha woithyola akhale wa dziko lina?

Namwino_wa_Usiku
Anaphiri akunena zoona. Ndipo pafupifupi onse amati ndagwa m'bafa. Amene mukuwerenga mwakachetechete, pemphani fomu ya J88, imene dokotala amalembapo mabala kuti ikhale umboni, idzazidwe ngakhale simunaganize zotsegula mlandu.

MaiThabo_Soweto
Palinso za pogona. Moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu 76, Amalawi ndi a ku Tanzania ambiri, pamodzi ndi eni dziko osauka. Opulumuka ambiri anathyoka miyendo ndi misana podumpha pamawindo chifukwa njira zothawira zinali zotsekeka. Komiti ya Justice Khampepe inaloza chala khonsolo ya mzinda, mwini nyumbayo. Amene alibe payslip kapena chitupa sapeza lendi pamalo abwino, amathera m'nyumba zotere kapena mumkhukhu wa magetsi obera, palafini ndi mbaula. Nyengo yozizira ikafika, chonde mbaula isagone m'nyumba yotseka, utsi wake sununkha koma umapha.

WaKuNtcheu_Wits
Onjezani nyumba ija inagwa ikumangidwa ku George mu Meyi 2024, anthu 34 anafa, ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho. Ndipo ku Stilfontein mu Januwale 2025 mitembo yambiri inatulutsidwa mumgodi wakale, opulumuka ambiri anali a ku Mozambique, Lesotho ndi Zimbabwe, Amalawi ochepa zedi. Tonse obwera, koma aliyense akufera pamene anzake anamulowetsa. Mfundo ya Che ija.

Che_Mayfair
Mwamva a MzimbaBoy? A ku yunivesite avomereza.

MzimbaBoy
Avomereza za ntchito, sanavomereze kuti Ayao mumaposa anzanu ponyamula makatoni.

Mtchona_wa_Theba
Inu a Admin, ndalama za maliro timasonkha msanga, thupi limafika kumudzi m'bokosi lokongola. Bwanji thumba lomwelo lisagule zingwe ziwiri zomangira m'chiuno, magalasi a maso ndi mahelemeti enieni, anyamatawa azibwerekana?

Admin_Gulu
Agogo, thumba la maliro lili ndi malamulo ake, sitingalikhudze popanda msonkhano. Ndiika nkhaniyi pa msonkhano wa mwezi uno. Amene muli ndi ngongole ya miyezi yapitayi mukudzidziwa.

NyasaFire
Helemeti siletsa chikwanje cha anthu obwera usiku. Ine mfundo yanga sindinasinthe.

Gadeniboyi_Fourways
Msonkhano uli kutali, ine Loweruka lino ndili ndi mgwalangwa wautali woti ndisadze ku Lonehill. Alipo ali ndi chingwe cha m'chiuno andibwereke?

DadaWaKuBay
Mlamu wanga amaika ma solar, ali nacho. Ali ku Cosmo City Extension 2, ndikutumizirani nambala kumbali. Koma akuti mubweze Lamlungu, ndipo chomangira chake cha kumanzere chimavuta, muchiyese muli pansi.